Chiwongolero cha boti chikauma, chikamasewera kapena kukokera mbali imodzi

Anthu akamva za maboti amaganiza za ku Mangochi kapena Monkey Bay, koma olo kuno ku Mulanje ndi Thyolo maboti a injini alipo ndithu, ena pa madamu a m'maesiteti a tiyi, ena amangosungidwa kudikira nthawi ya madzi osefukira, ena eni ake amakhala kuno koma boti limakagwira ntchito ku Chilwa mbali ya Phalombe kapena kumunsi kwa Ruo kolowera ku Chiromo. Vuto la maboti athu ndi loti amakhalitsa osayenda. Kunyanja boti limatuluka pafupifupi tsiku lililonse, zitsulo zimayenda, girisi sauma. Kuno limaikidwa pansi pa mtengo kapena mu shedi, mvula ya ku Mulanje mukuidziwa, ikangotha kumabwera chiperoni cha mu May mpaka August, chinyontho chokhachokha, nde tsiku loti boti likufunika mwachangu injini ikulira bwinobwino koma chiwongolero chauma gwa, osapita kumanja olo kumanzere. Amene tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023 tikudziwa kuti boti losakhota pa tsiku ngati limenelo ndi nkhani ya miyoyo ya anthu.

Ndikunena pano za chiwongolero cha kebulo, chija chopanda mafuta opopa, osati cha hydraulic. Ngati inu mumayendetsa ndi mpini wa pa injini penipeni monga pa ma Yamaha Enduro ambiri, gawo lina la nkhaniyi silikukhudzani, koma za swivel bracket, potembenukira injini paja, ndi za kukokera mbali imodzi zikukhudzani ndithu, muwerengebe.

Kagwiridwe kake sikovuta. Kuseri kwa chiwongolero, pansi pa dashi, kuli kabokosi ka magiya komwe amati helm. Ma helm alipo a mitundu iwiri yodziwika, yozungulira imene amati rotary, pomwe kebulo imakulungidwa pa giya, ndi ina yaitali ngati kampiringidzo yomwe amati rack and pinion. Kuchoka pamenepo kebulo imodzi yonenepa imadutsa m'mbali mwa boti, nthawi zambiri mbali ya kumanja, mpaka kumbuyo. Ili ngati kebulo ya mabuleki a njinga, waya mkati chikopa kunja, kungoti iyi ndi yolimba moti imakoka komanso imakankha. Kumapeto kwake kuli ndodo yachitsulo yonyezimira yomwe imalowa mu paipi yopingasa pa bulaketi ya injini, paipi ija injini imapendekerapo mukamaikweza, dzina lake tilt tube. Ndodoyo imatulukira mbali inayo nkulumikizidwa ndi kamkono kachitsulo, link arm, kamene kamakankha injini kuti itembenuke. Basi. Malo oti pangavute alipo ochepa: helm, kebulo, tilt tube, link arm ndi potembenukira injini penipenipo. Ntchito yonse ndi kupeza kuti mwa amenewa wolakwa ndi uti musanagule kanthu.

Chinthu choyamba, chonde abale anga, chiwongolero chikauma musachikakamize. Ndimamva chisoni kuona anthu awiri akugwirizana kupotokola chiwongolero, wina mpaka kulowetsamo mtengo kuti apeze mphamvu. Magiya a mu helm ndi ang'onoang'ono ndipo sanapangidwire mphamvu imeneyo, mano amathyoka, nde vuto lomwe linali la girisi wouma wa ndalama zochepa limasanduka logula helm ndi kebulo zatsopano, zinthu zoti kuno sizipezeka wamba, mpaka kufufuza ku Blantyre kapena kuitanitsa ku Joni.

Yambirani kumbuyo. Masulani link arm pamene yalumikizana ndi ndodo ya kebulo, sungani manati ndi mawashala mwadongosolo momwe munawachotsera, ngati muli ndi foni jambulani kaye. Kenako gwirani injini ndi manja muitembenuze uku ndi uku. Ikuyenera kuyenda mosavuta kuchoka mbali ina kufika ina. Ngati ikulimba chiwongolero chisanalumikizidwe nkomwe ndiye kuti kebulo ilibe mlandu, vuto lili mu swivel bracket, muja muli shafiti yoimirira yomwe injini imazungulirapo. Pali tima nipo ta girisi pamenepo, pukutani kaye dothi kenako popani ndi gani ya girisi uku wina akugwedeza injini, mpaka wakale wakuda uja atuluke kumwamba ndi kumunsi kuyambe kuoneka watsopano. Nipo ikakana kulandira girisi ichotseni muitsuke mu parafini kapena musinthe, ndi yotchipa. Komanso pa ma injini ang'onoang'ono pamakhala kabawuti kapena kachogwirira kolimbitsira katembenukidwe, steering friction, wina akhoza kukhala kuti anakamanga kwambiri nthawi yomwe ankanyamula injini pa galimoto nkuiwala kumasula, onani kameneko musanaganize zazikulu. Zikakanika zonsezi ndiye kuti dzimbiri lalowa mu shafiti ndi mabushi, imeneyo ndi ntchito yophwasula, pitani nayo kwa makaniko wodziwa ma injini a maboti.

Koma nthawi zambiri, makamaka pa maboti okhalitsa ngati athuwa, mudzapeza injini ikutembenuka bwino ndi manja pomwe chiwongolero chikadali chouma. Apa wokayikiridwa wamkulu ndi tilt tube, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu amaonongera zinthu.

Paipi imeneyi pa ma injini ambiri ndi yachitsulo wamba chochita dzimbiri, pomwe ndodo ya kebulo ndi ya stainless. Madzi amalowa kumapeto, girisi wakale amasakanikirana ndi mchenga ndi fumbi nkuuma, dzimbiri likamakula mkati limafufuma nkuigwira ndodo ija zolimba. Boti lomwe lagwirako ntchito ku Chilwa limafulumira kuchita zimenezi poti nyanja ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo madzi ake ali ndi kamchere, ndipo la mu Ruo nthawi ya dzinja limamwa matope okhaokha. Chomwe chimapusitsa ambiri ndi ma nipo a girisi omwe amaoneka pafupi ndi paipiyo pa bulaketi. Munthu amapopa mokhulupirika mwezi ndi mwezi nkumati chiwongolero ndikuchisamala, chonsecho girisi ameneyo amapita kunja kwa paipi kuti injini izipendekeka bwino, mkati momwe mumayenda ndodo safikamo olo pang'ono.

Nde chochita ndi ichi. Link arm yachoka kale. Mbali yomwe kebulo imalowera pali nati yaikulu yomwe imamangirira kebulo ku paipi, imasuleni ndi sipanala yokwana bwino, osati pulayazi. Mbali inayo ngati pali nati ya pulasitiki kapena kachivindikiro kokhala ndi labala yopukuta ndodo, chotsaninso. Thirani mafuta olowerera monga WD-40 mbali zonse ziwiri, olo dizilo amathandiza ngati mulibe, nkusiya usiku wonse. Mawa lake yesani kupotokola ndodo pang'onopang'ono polowetsa kachitsulo pa bowo la kumapeto kwake pomwe panali link arm, kuigwedeza uku ndi uku, kuthiranso mafuta, kudikiranso. Ntchito iyi imafuna mtima wodekha, nthawi zina masiku angapo. Mukafika pomenya, musamenye ndi hamala pachitsulo penipeni chifukwa nsonga ya ndodo imaphwatalala, ikaphwatalala singadutsenso mu paipi ndipo mwadzipangira vuto lachiwiri. Ikani kathabwa kolimba kapena kachitsulo ka mkuwa pakati, menyani modekha kukankhira mbali yomwe kebulo inalowera, ikalowa mkati pitirizani ndi kandodo kocheperako kuposa paipi. Ndipo onetsetsani kuti nati yaikulu ija yamasulidwadi musanamenye, apo ayi mphamvu yonse ikupita ku magiya a helm. Za moto ndikuti ayi, pafupi pali mapaipi a petulo, mawaya ndi mabushi a pulasitiki.

Pa maboti ambiri ang'onoang'ono malo akumbuyo ndi opanikiza moti ndodo singatuluke yonse injini ili pamalo pake, mbali yolimba ya kebulo imagunda khoma la boti. Musaipinde kuti ituluke, ikapindika yatha ntchito. Masulani injini pa transom, khoma lakumbuyo kwa boti pomwe imamangidwa, muisendeze kapena kuinyamula pang'ono ndi anzanu kapena ndi tcheni pa mtengo wolimba, injini ya mahatchi 40 si yonyamula munthu mmodzi.

Ndodo ikatuluka, musanachite china chilichonse, pitani kutsogolo mukatembenuze chiwongolero. Ngati tsopano chikuyenda mofewa ndodo nkumalowa ndi kutuluka bwino, sangalalani, kebulo ndi helm zili bwino. Tsukani mkati mwa paipi mpaka muyere, kaya ndi bulashi ya waya yozungulira, kaya ndi kandodo kong'amba kunsonga nkulowetsamo sandipepa nkumangirira ku dirilo, kenako kansalu konyowetsa ndi parafini mpaka kazituluka koyera. Ndodo nayo ipukuteni girisi yense wakale, itulutseni yonse kuti mufike ndi mbali ija imabisala. Pakani girisi wa m'madzi, amene amalemba marine pachitini, mu paipi ndi pa ndodo, wokwanira koma osati kudzazamo thothotho. Oyilo wakuda wochotsa mu galimoto musayerekeze, amangoyenderera nkuitana mchenga. Mukabwezeretsa mangani nati yaikulu ija zolimba ndipo ngati labala yopukuta yatha ikani ina, ndi imene imaletsa madzi kulowa.

Chenjezo limodzi kwa amene ma injini kapena manati awo ali ndi nipo yopopera girisi mkati momwe muli ndodo. Popani ndodo italowa yonse mkati, ndipo pang'ono chabe. Mukapopa ndodo ili kunja girisi amadzaza malo omwe ndodo imayenera kubwerera, nde imakanika kulowa chifukwa girisi sapanikizika, chiwongolero nkumakana mbali imodzi. Mabuku a Mercury, kampani yopanga ma injini a maboti, amachenjeza zimenezi momveka bwino.

Nanga ndodo yatuluka mu paipi koma chiwongolero chikulimbabe? Tsatirani kebulo ndi dzanja kuyambira kumbuyo mpaka ku dashi. Fufuzani pomwe chikopa chang'ambika, patupa, pamene makoswe anatafuna, kapena pomwe pakutuluka madzi ofiira a dzimbiri. Onaninso mmene yakhotera, kebulo imeneyi sifuna kona yakuthwa, opanga amati pokhota pasachepere mainchesi 8 kuchoka pakati pa kona, ndiye kuti masentimita 20, ndipo makona akachuluka imalimba komanso imachulukitsa kusewera. Ena amaimanga ndi waya zolimba m'mbali mwa boti, ena amaikapo thanki kapena batire pamwamba, zonsezo zimaifinya. Mukakonza kadutsidwe kake koma osasintha, ichotseni ku helm nkutembenuza chiwongolero chili chokha. Chikafewa ndiye kuti kebulo yafa mkati. Apa ndinene mosabisa, kebulo yochita dzimbiri mkati sikonzeka. Mutha kuipachika pa mtengo nkumathira oyilo kumwamba, imafewa sabata ziwiri, koma tiwaya tamkati tadyeka kale ndipo tsiku lomwe idzaduke simudzauzidwa. Sinthani.

Helm yokha ikamalimba, kapena ikamamveka khekhekhe, kapena chiwongolero chikamazungulira pena nkudumpha injini osasuntha, mano a giya apita. Opanga salola kuti muziiphwasula, ndipo ine ndimagwirizana nawo, yowotcherera mano ku shopu ya mageti si yoikapo miyoyo ya anthu. Koma musanaiweruze onani tinthu tiwiri. Kachivindikiro ka pulasitiki kuseri kwa chiwongolero nthawi zina kamakhuzana ndi chiwongolero ngati dashi yafufuma ndi madzi. Ndipo pa helm yozungulira pali kapaipi ka pulasitiki komwe waya wotsala amalowamo mukakhotera mbali imodzi, kakaphwanyika kapena kupindika ndi katundu wa pansi pa dashi chiwongolero chimathera panjira mbali imodziyo. Njira yodziwira ndi kuwerenga mazungulira, mwachitsanzo helm ya Safe-T QC ya SeaStar, omwe kale ankatchedwa Teleflex, imazungulira katatu kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena, yanu ikamathera pa kawiri china chake chikutchinga.

Tsopano vuto lina, lotsutsana ndi loyambalo, chiwongolero chosewera. Mukutembenuza koma injini ikuchedwa kumvera, boti likuyenda mokhotakhota ndipo mukungokhalira kuliwongola. Kusewera pang'ono ndi chibadwa cha kebulo, sikungathe konse. Koma kukachuluka wina agwire injini zolimba inu muzigwedeza chiwongolero, wachitatu aziyang'ana pomwe pakusuntha. Yambani ndi nati ya pakati pa chiwongolero ndi kakiyi kakang'ono kooneka ngati theka la mwezi komwe kamagwira chiwongolero ku shafiti, kakadyeka chiwongolero chimazungulira chokha. Onani mabawuti omangira helm ku dashi, pa maboti okhala pamvula thabwa la dashi limawola nde helm yonse imagwedera. Kumbuyo onani nati yaikulu ya pa tilt tube, ikamasuka kebulo yonse imayenda mmalo moti ndodo yokha iyende. Kenako link arm, mabowo ake amakula nkukhala ngati dzira. Pomaliza injini yeniyeniyo, zomangira zake pa transom ndi malabala omwe imakhalirapo, akatha injini imagwedezeka payokha olo chiwongolero chonse chili chatsopano.

Pa link arm ndiimepo, chifukwa apa ndi pomwe pamandiopsa kuposa pena paliponse. Manati ake ndi apadera, ali ndi kapulasitiki mkati koletsa kumasuka, amati nyloc. Nati imodzi ikagwera m'madzi anthu amangotola ina iliyonse ya pa njinga yamoto kapena kumanga ndi waya. Injini imanjenjemera nthawi zonse, nati wamba imamasuka pang'onopang'ono, ndipo link arm ikachoka boti lili pa liwiro injini imatembenukira mbali imodzi mwadzidzidzi, boti kukhota mwamphamvu, anthu kugwera m'madzi pulopela ikuzungulirabe. Gulani manati oyenera a stainless angapo muzisunga mu boti, ndipo yomwe mwamasula kangapo kapulasitiki kake katha mphamvu, ikani yatsopano. Woyendetsa azimangirira chingwe chozimitsira injini pa dzanja kapena pa jekete nthawi zonse, osati kuchikulunga pa kiyi ngati chokongoletsa.

Pali dandaulo linanso lomwe anthu amalisokoneza ndi kuuma kwa kebulo. Boti lili pamtunda chiwongolero chili bwinobwino, koma pamadzi mukaponda moto chimakokera mbali imodzi, kukhotera uku nkopepuka kukhotera uko mpaka phewa kuwawa. Imeneyo si kebulo, ndi mphamvu ya pulopela, poti imazungulira mbali imodzi imafuna kupotoza injini. Choyamba onani mmene injini yapendekera. Pa pulopela wamba yozungulira kumanja, injini ikalowa kwambiri mkati kuyandikira boti imakokera kumanja, ikatuluka kwambiri imakokera kumanzere, nde sinthani kapendekedwe kake, komwe amati trim, kapena bowo la pini yomwe imatsamirapo mpaka ikhale pafupifupi yoongoka boti likamathamanga. Kenako pamwamba pa pulopela, kunsi kwa kambale kopingasa kaja, pali kachipsepse kakang'ono, trim tab. Masulani bawuti lake, ngati boti likukokera kumanja tembenuzani mbali yakumbuyo ya kachipsepseko kumanja pang'ono, ngati likukokera kumanzere tembenuzirani kumanzere, mangani nkukayesa pa liwiro lomwe mumayenda nthawi zambiri ndi katundu wa masiku onse. Pang'onopang'ono, osati kamodzi nkamodzi. Pa ma injini ambiri kachipsepse komweka ndi kamenenso kamadyeka mmalo mwa injini poteteza ku dzimbiri, choncho musakapake penti ndipo kakadyeka kwambiri kasintheni, kotheratu sikangawongole kalikonse. Pulopela yopindika chifukwa chogunda miyala, komanso katundu wounjikidwa mbali imodzi, zimakokanso boti. Ngati mukugula helm yatsopano ndipo thumba likulola, ilipo ya mtundu wa NFB yomwe ili ndi kilatchi yoletsa injini kubweza mphamvu ku chiwongolero, manja amapumako, kungoti imabisa kukokako osati kukuchotsa, trim tab muikonzebe.

Pogula kebulo ndi pomwe ndalama zimatayika kwambiri chifukwa ikabwera yolakwika kuchokera kutali kubweza nkovuta. Pa chikopa cha yakaleyo, kawirikawiri chakufupi ndi helm, pamakhala nambala. Pa za SeaStar manambala awiri omaliza ndi kutalika mu mafiti, monga SSC6214 ndi kebulo ya helm yozungulira ya mafiti 14. Jambulani nambalayo ndi helm yomwe mutumize pa WhatsApp kwa wogulitsa, chifukwa ya rotary silowa pa rack, ndipo za makampani osiyana monga Ultraflex sikuti zonse zimalowana. Nambala ikafufutika yezani njira yake pa boti: kuchoka pakati pa chiwongolero kufika m'mbali mwa boti, kuchoka pa dashi kufika ku transom, kuchoka m'mbali kufika pakati pa injini, phatikizani zonse, onjezerani mainchesi 6 ngati ikudutsa mu tilt tube, nkukweza kufika pa fiti yotsatira. Yayifupi imakakamiza kona yakuthwa, yotalikitsa mumaikulunga nkuwonjezera kusewera. Ndipo ngati kebulo yafa ndi ukalamba helm nayonso ndi ya zaka zomwezo, nthawi zambiri kugula zonse pamodzi ngati kiti kumatchipa kusiyana ndi kugula padera. Pochotsa yakale mangirirani chingwe kumapeto kwake kuti chikokere yatsopano njira yomweyo.

Mukamaliza kuika yesani boti lili pamtunda. Mutaima kumbuyo kuyang'ana kutsogolo kwa boti, chiwongolero chikapita kumanja pulopela nayo ipite kumanja. Ikapita kumanzere ndiye kuti pa helm yozungulira kebulo yalowa bowo lolakwika, konzani pompo. Kwezani ndi kutsitsa injini mpaka kumapeto uku mukukhota mbali zonse, muone ngati link arm sikugunda pena pake kapena kukoka paipi ya petulo ndi mawaya. Ulendo woyamba pamadzi ukhale wapang'onopang'ono, opanda anthu ambiri.

Kebulo ikaduka muli pakati pa madzi chepetsani moto nthawi yomweyo nkuika nyutulo. Mukhoza kubwerera kumtunda pa liwiro lochepetsetsa wina atakhala kumbuyo akutembenuza injini ndi manja, kapena kumangirira nkhafi pa chivindikiro cha injini ndi chingwe kuti ikhale mpini, koma link arm muimasule kaye ngati kebulo yomangika ikuletsa injini kutembenuka. Nchifukwa chake masipanala awiri okwana manati amenewo sayenera kutsala kunyumba.

Kwa inu amene mumasunga boti la pa damu, la bungwe kapena la mudzi lodikira dzinja, sabata iliyonse wina azipita kukatembenuza chiwongolero mbali zonse kangapo olo boti silikupita kulikonse, nkuchisiya ndodo italowa mkati kuti isamakhale pamvula ndi pafumbi. Phimbani dashi ndi kumbuyo kwa injini koma mpweya uzidutsa. Boti likabwera kuchokera ku Chilwa kapena m'madzi amatope tsukani ndi madzi abwino musanalisunge. Ndipo kawiri pachaka, cha mu October mvula isanayambe ndi cha mu April ikamatha chiperoni chisanafike, tulutsani ndodo mu tilt tube, tsukani, pakani girisi watsopano, onani manati a link arm, nkulemba tsiku ndi penti kapena maka pansi pa dashi kuti amene adzagwire boti pambuyo panu adziwe kuti zinachitika liti.